Yakobe pa khomo la Labani

Masiku ano anyamata ndi atsikana ambiri amachoka kwao okhaokha, napita ku maiko akutali kukakhala miyezi yambiri pa makomo a anthu osawadziwa. Kumeneko salandira ndalama ai. Amagwira nchito ya m'munda kapena ya pakhomo maora 4 mpaka 6 pa tsiku, ndipo mwini nyumba amawapatsa chakudya ndi pogona. Bungwe lina lotchuka pa zimenezi, la WWOOF, adaliyambitsa Mai Sue Coppard ku England m'chaka cha 1971. Koma mkhalidwewu ngwakalekale, pakuti buku la Genesis, mutu 28 mpaka 31, lisimba za mlendo wotereyu.

Yakobe adachoka ku Beereseba pothawa mkwiyo wa mkulu wake Esau. Dzuwa litalowa adatsamira mwala ku Betele, ndipo pomwepo, asanaone nkhope ya womlandira, Mulungu adamlonjeza kuti adzakhala naye nadzambwezera kwao. Pooloka Yordano anali ndi ndodo yokha m'manja.

Atafika ku Harani, mzinda umene mabwinja ake ali kumwera kwa dziko la Turkey, sadayambe ndi kufunsa pogona. Adakunkhuniza mwala wa pachitsime, namwetsa nkhosa za atsibweni ake Labani. Mlendo wanzeru amatero: manja amalankhula msanga kopambana pakamwa, makamaka kumene munthu sanadziwike.

Udapita mwezi wathunthu. Akulu amati mlendo ndi mame, koma amene wagonera mwezi salinso mame. Wasanduka wa pakhomo, ndipo kudya kwake ndi thukuta lake ziyenera kuwerengedwa. Labani ndiye adayamba kufunsa za malipiro, poona kuti sikuyenera kugwiritsa munthu nchito yaulere chifukwa cha chibale. Apa pokha Labani adakhoza. Akristu oyamba adaganiza chimodzimodzi: kabuku kao ka Didache kalangiza kuti wapaulendo asungidwe masiku 2 kapena 3, koma akafuna kukhazikika, agwire nchito kuti adye.

Adapangana zaka 7 kuti Yakobe akwatire Rakele. Amene adalawa chikamwini adziwa kulemera kwa khasu la kwa apongozi. Komabe kwa Yakobe zakazo zidakhala ngati masiku owerengeka, chifukwa cha chikondi. Kutacha m'mawa wa ukwati, adapeza kuti ampatsa Leya. Pamenepo mpamene Labani adaulula mwambo wa dzikolo, wakuti mng'ono sakwatiwa mkulu asanakwatiwe. Zaka 7 zathunthu mwini nyumba adaubisa mwambowo, mlendonso osafunsa! Ndipo Yakobe, amene adanyenga bambo wake wakhungu podziyesa mwana wachisamba, tsopano adanyengedwa mumdima pa nkhani yomweyo ya ukulu. Munthu angathe kuthawa mudzi wake, koma tchimo lake limamtsata, ndipo kawirikawiri Mulungu amalichiza ndi zowawa za kuchilendo.

Adatumikira zaka 7 zina, ndi 6 zinanso chifukwa cha zoweta: zonse pamodzi 20. Usana dzuwa lidamtentha, usiku chisanu chidamlanda tulo. Nkhosa ikajiwa ndi chilombo, ankalipa ndiye. Labani adasintha malipiro ake kakhumi konse. Alipo a Labani lero lomwe, amene amaonjezera maora pang'onopang'ono podziwa kuti mlendo alibe kolowera, ndi kuti adzachita manyazi kudandaula pamene akudya m'mbale yao. Katekisimu imaika kumana wanchito malipiro ake pakati pa machimo ofuulira kumwamba, ndipo nsima ndi mphasa zimene zidalonjezedwa ndi malipiro ndithu.

Yakobenso sadatsirize bwino. Adachoka mozemba, osatsazika, Labani ali kometa nkhosa. Labani adamlondola masiku 7, nampeza ku mapiri a Giliyadi. Kumeneko mau amene adaunjikana m'mitima zaka 20 adatuluka onse tsiku limodzi, owawa ndithu. Akadawanena mwezi woyamba uja, akadakhala ochepa. Pambuyo pake adaunjika miyala kuti ikhale mboni pakati pao, nalumbira kuti wina sadzaipitirira kukachita mnzake choipa. Yakobe adapereka nsembe, onse adadya nagona paphiripo. M'mamawa Labani adampsompsona ana ake aakazi ndi adzukulu ake, nawadalitsa, nabwerera kwao.