Phunziro 9: Mkazi Wamasiye Amene Dzina Lake Silinaitanidwe

SABATA MASANA

Vesi loloweza: Miyambo 19:17.

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chili chiimire m'munda koma nkhokwe zili pululu, ife a kuno ku Songani timalidziwa bwino tsiku logawa chimanga cha boma. Mbiri imachoka pamsika nifika kumidzi ya m'tsinde mwa phiri dzuwa lisanakwere. Anthu amasonkhana pabwalo, ndipo maina amaitanidwa. Wina amabwerera atasenza thumba la makilogalamu 50. Wina amabwerera chimanjamanja, nsalu imene anati apange nkhata ili m'khwapa. Phunziro la sabata ino likunena za munthu wachiwiriyo.

Pa 23 Malichi 2024, Dr Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'tsoka la chilala. Apo n'kuti chitangotha chaka chimodzi namondwe Freddy atapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Boma ndi mabungwe anagawa chakudya. Kodi pamenepo udindo wa Mkhristu unatha?

LAMULUNGU: Nkhokwe za Farao

Werengani Genesis 41:33-36. Ndani anapereka nzeru yosunga limodzi la magawo asanu a zokolola?

Alipo abale ena amene amayesa kuti kulandira thandizo la boma ndiko kuchepa kwa chikhulupiriro. Malembo savomereza maganizo otere. Mulungu anapulumutsa banja la Yakobo ndi tirigu wa m'nkhokwe za mfumu yosapembedza Iye, ndipo Paulo amatcha wolamulira mtumiki wa Mulungu wochitira anthu zabwino (Aroma 13:4). Wosauka alandire thumba lake mopanda manyazi, nayamike Mulungu.

Koma nkhokwe ya mfumu ili ndi malire ake. Pa Genesis 47:13-21 Aaigupto anapereka ndalama, kenaka ziweto, potsiriza minda ndi matupi awo. Ifenso tikukumbukira chaka cha 2002, pamene anthu ankagona pamisika ya ADMARC kudikira chimanga, chifukwa cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njala isanafike.

LOLEMBA: Oiwalika pa Chigawo

Werengani Machitidwe 6:1-7. Kodi dandaulo loyamba mu mpingo wa atumwi linali la chiphunzitso kapena la chakudya?

Mpingo wa ku Yerusalemu unali wodzala ndi Mzimu Woyera, komabe akazi amasiye a Ayuda olankhula Chihelene ankadumphidwa pa chigawo cha tsiku ndi tsiku. Ngati zinatero pamaso pa Petro ndi Yohane, sitiyenera kuzizwa kuti mndandanda wolembedwa ndi komiti ya m'mudzi umasiya anthu ena kunja. Nkhalamba imene miyendo inakana siifika pamsonkhano wolemba maina. Mwana wolera ang'ono ake alibe womulankhulira. Mtengwa amene mwamuna wake anamwalira amayesedwa mlendo m'mudzimo.

Zimenezi si za lero. Wolemba mbiri Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anaonetsa kuti amayi okwatiwa ankavutika kupeza thandizo la boma la atsamunda, popeza akuluakulu ankayesa kuti amuna awo awadyetsa. Chonsecho amuna ambiri anali atachoka kukafuna chakudya kutali, ena osabweranso. Pa pepala mayiyo anali ndi womusamala. Pakhomo pake moto unali utazima.

Taonani chimene atumwi anachita. Sanakane kuti cholakwa chilipo, ndiponso sanawauze amasiyewo kuti angopemphera. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, ndipo onse osankhidwawo anali ndi maina a Chihelene, monga Stefano ndi Filipo. Zioneka kuti ntchito inapatsidwa kwa anthu ochokera kumbali imene inkadandaula. Apa ndi pamene udikoni unayambira. Ife tauchepetsa udikoni kufikira kuyendetsa mbale ya zopereka ndi kutseka mazenera, koma dikoni woyamba anali munthu wodziwa nyumba imene sinaphike dzulo.

Mawu ena alunjike kwa ife amene timakhala m'makomiti a m'midzi, kapena tili pachibale ndi a mfumu. Kulembetsa dzina la mwana wathu amene ali pantchito ku Zomba, pamene gogo wa kuseri kwa nyumba yathu wasiyidwa, ndiko kuba ndi kuchita umboni wonama nthawi imodzi. Malamulo awiriwo ali pa magome omwewo amene pali lamulo la Sabata.

LACHIWIRI: Khunkha ndi Katapila

Werengani Levitiko 19:9, 10 ndi Rute 2:15, 16.

Mu Israyeli chakudya cha wosauka sichinkachokera ku likulu. Chinkatsala m'mphepete mwa munda wa mnansi wake, ndipo khunkhalo silinali mphatso ya mwini munda, koma gawo limene Mulungu anaikira mlendo ndi waumphawi. Boazi anapitirira lamulo, nauza anyamata ake kuti agwetse ngala mwadala. Chakhumi cha chaka chachitatu nachonso chinkasungidwa m'mudzi momwemo, kuti adye Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye (Deuteronomo 14:28, 29).

Njala imatipatsanso mpata wolemera pa msana wa mbale. Pa Nehemiya 5:1-12 anthu anapinyolitsa minda kuti apeze tirigu, ndipo okongoza anali abale awo omwe. Kwathu kuno timati katapila: ndowa imodzi mu Febuluwale, ndowa ziwiri kapena zitatu pokolola. Ganyu nayenso amatsika mtengo njala ikakula, kotero kuti mayi amapalira munda wathu tsiku lonse chifukwa cha mbale ya madeya, wake uli kumera thengo. Chaka chamawa adzakhalanso pamzere wa boma, ndipo tidzati ndi waulesi.

Kodi malipiro amene timapereka kwa waganyu tingawatchule mokweza pamaso pa kalasi lathu? Onani Yakobo 5:4.

LACHITATU NDI LACHINAYI: Mutu Umodzi, Osati Iwiri

Werengani Yesaya 58 yense, osayambira pa vesi 13.

Ife a Adventist timawadziwa mavesi 12 mpaka 14, ndipo timawalalikira pamisonkhano ya m'mahema. Koma mneneri asanafike pa Sabata wayamba wanena za kugawira wanjala chakudya, kulowetsa wosowa m'nyumba ndi kuveka wausiwa. Mayi Ellen G. White ankaulozera mpingo kawirikawiri ku mutu umenewu monga ntchito yake. Okonza pogumuka ndi omwewo odyetsa anjala.

N'zoona kuti tili ndi ADRA, ndipo amayi a Dorika akhala akusenza katundu ameneyu kwa zaka zambiri, nthawi zina okha. Koma Dorika wa ku Yopa analibe ofesi. Amasiye anaonetsa Petro malaya amene iye anasoka ndi manja ake (Machitidwe 9:36-41). Paulo akuti banja liyambe lasamala amasiye ake, kuti mpingo uthandize amene alibiretu wina (1 Timoteo 5:4, 16). Banja, mpingo, boma: aliyense ali ndi pake, ndipo thumba limodzi pa khomo la anthu asanu ndi awiri silifika kumapeto kwa mwezi. Ngakhale wolembedwayo adzafunabe ya kuchigayo, mchere, ndi wina womusenzera thumbalo kukwera nalo mtunda.

LACHISANU: Zokambirana m'Kalasi

1. Chimanga chikagawidwa tsiku la Sabata, mlongo wathu wosauka achite chiyani? Yerekezani Eksodo 16:22-30 ndi Marko 2:23-28. Kodi akulu a mpingo anayamba apita kukapempha ogawawo kuti amusungire thumba lake? Akaphonya chifukwa chosunga Sabata, adzamudyetsa ndani?

2. M'midzi ina olandira amauzidwa kugawana thumba ndi mabanja amene sanalembedwe. Kodi ndicho chifundo, kapena ndiko kusenzetsa wosauka katundu amene opeza bwino akana?

3. Popanda kutchula maina mokweza, membala aliyense alembe makomo awiri a pafupi naye amene sanalandire, a mumpingo kapena akunja, napereke pepalalo kwa dikoni kapena mtsogoleri wa Dorika kalasi lisanabalalike.