Khungu Lathu ndi Maso Amene Tinabwereka

Atsikana awiri a khungu lofanana angathe kuima pa kalilole mmodzi, wina n'kuchokapo akumwetulira, mnzake n'kuchokapo mtima uli pansi. Kalilole waonetsa zofanana. Chasiyana ndi chiweruzo chimene aliyense anabwera nacho mumtima. Funso lofunika kulilingalira ndi lakuti, chiweruzocho munthu amachitenga kuti?

Funsoli si lamasewera, pakuti ena akulipira ndi thanzi lawo. Mumsika wa Zomba, monganso ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, mafuta oyeretsa khungu sasowa. Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi hydroquinone, ena mercury, ena mankhwala a steroid. Onsewa amachepetsa melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu lathu ndi kuliteteza ku dzuwa. Hydroquinone akapakidwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchotsa, mercury amaononga impso, ndipo steroid amapyapyalitsa khungu mpaka chilonda chimachedwa kupola. N'chifukwa chake dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990, ndipo Ivory Coast inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015. Komabe lamulo limalanda botolo lokha. Maganizo amene anatuma munthu kukagula limawasiya momwemo.

Mbiri ya Zomba ikutithandiza kuona kumene maganizowo anamera. Mzindawu unali likulu la boma kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975. M'nthawi ya atsamunda, azungu ankakhala kumtunda, m'mphepete mwa phiri momwe muli mphepo yabwino, amwenye anali ndi masitolo, pamene eni dziko ambiri anali amesenjala, ophika ndi olima maluwa. Mwana wokulira m'tauni yotero sankafunika mphunzitsi kuti adziwe mtundu wa khungu umene unali ndi ulemu. Ankangoona wokhala pampando ndi wogwada. Atsamunda anapita mu 1964, koma mpaka lero wantchito amati "azungu anga" ponena bwana wake, ngakhale bwanayo ali wakuda ngati iye mwini.

Chilankhulo chathunso chili ndi msampha wake. Timati "woyera" ponena munthu wa khungu lowala, komanso ponena chosadetsedwa ndi chopatulika. Timati "wakuda" ponena khungu, koma zovala zalitsiro timatinso zakuda, ndipo wosafunidwa timati akudedwa. Mwana wamng'ono sadziwa kulekanitsa matanthauzo amenewa. Azakhali akanyamula khanda n'kunena kuti "koma ndiye layera bwino," mkulu wake wakuda amene waima pambali amamva uthenga wina umene palibe anafuna kumuuza. Patapita zaka khumi, uthengawo ndiwo umayankhula akaima pa kalilole.

Wina anganene kuti kufuna kukongola si tchimo. Akunena zoona. Kusamba, kudzola mafuta, kupaka wanja ndi hina, kutsuka mano ndi mswaki, zonsezi ndi zoyamikika, ndipo Chisilamu chimalimbikitsa ukhondo ndi kuoneka bwino. Koma kusamala thupi n'kosiyana ndi kulikana. Wosamala amayamba ndi kuvomereza kuti chimene ali nacho n'chamtengo wapatali. Wokana amayamba ndi kudziona ngati cholakwika chofunika kukonzedwa, ndipo munthu wotero sakhutira, chifukwa vuto silinali pakhungu. Nkhope ikayera adzaona mphuno, mphuno akaizolowera adzaona tsitsi.

Qur'an, mu Surat Ar-Rum, imaika kusiyana kwa zilankhulo ndi mitundu ya khungu pamodzi ndi kulengedwa kwa thambo ndi nthaka, monga zizindikiro za Allah. Chizindikiro sachifufuta. Tikumbukirenso kuti mu 630, mzinda wa Makka utagonjetsedwa, amene anakwera pa Kaaba kuitana adhana anali Bilal bin Rabah, munthu wakuda amene kale anali kapolo, akuluakulu a Chikuraishi akuonerera ali pansi.

Umboni wina uli pakati pathu pompano. Abale athu achialubino ndiwo oyera kuposa tonse, koma akhala akunyozedwa, ngakhale kuphedwa kumene. Izi zikusonyeza kuti mtundu wa khungu paokha supereka ulemu kapena kuuchotsa. Anthu ndiwo amagamula, ndipo chimene anthu anagamula angathenso kuchisintha. Anthu a kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota anaonetsa zimenezi mu 2021, posankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo.

Choncho mlandu usagwere mtsikana wogula botolo yekha. Uli ndi mnyamata amene amati akufuna mkazi woyera, makolo amene amayerekeza ana awo, ndi ife tonse amene timayeretsa nkhope pafoni tisanatumize chithunzi. Mwana amayamba kudziona m'maso mwa amayi ake ndi abambo ake asanadziwe kalilole. Ngati m'maso amenewo apezamo chimwemwe, wogulitsa mafuta adzavutika kumunyenga. Tiyeni tisamale mawu amene timanena pa khanda, ndi amene timanena ana akumva.