Makina Amodzi, Odwala Awiri

M'mwezi wa April caka ca 2020, pamene mliri wa korona udafika pacimake m'mzinda wa New York, anthu onse ankaopa kusowa kwa makina opumira. Koma tsoka lidatulukiranso pena: impso za odwala ambiri zidayamba kuleka nchito yao.

Impso ndizo zimasefa mwazi, ndi kucotsa zoipa pamodzi ndi madzi osafunika m'njira ya mkodzo. Nthenda ya korona imaziononga m'njira zingapo. Kutentha kwa thupi kumaumitsa madzi, mwazi sufika ku impso mokwanira, timitsempha timatsekeka ndi mwazi woundana, ndipo thupi polimbana ndi kacirombo limadzipweteka lokha. M'zipatala za Northwell Health adawerenga odwala 5,449, napeza kuti oposa mmodzi mwa atatu impso zao zidaonongeka. Mwa iwo amene anali pa makina opumira, pafupifupi 9 mwa 10. Impso zikalekeratu, munthu amapulumuka ndi makina otsuka mwazi, ochedwa dialysis. Makinawo adacepa, madzi ace ogwirira nchito adacepa, ndipo anamwino odziwa kuwayendetsa enanso anali kudwala.

Apa ndipo pabuka funso lolemera. Odwala ali awiri, makina ndi amodzi: kodi dokotala apatse yani? Ndipo akapatsa mmodzi, kodi wapha winayo?

Coyamba, moyo wa anthu onse ulingana pamaso pa Mulungu. Cifukwa cace cuma, udindo, mtundu kapena cibale sizingakhale muyeso. Ngakhale ukalamba pa wokha sucepetsa mtengo wa munthu. Muyeso wolungama ndi uwu: makina apite kwa iye amene awasowa kwambiri, amenenso angathe kupulumuka nao.

Caciwiri, kupha ndi kwina, kulephera kupulumutsa ndi kwina. Wakupha amafuna imfa ya mnzace. Dokotala uyu saifuna, angosowa cipangizo caciwiri. Pa 24 November 1957, Papa Pio XII adaphunzitsa madokotala kuti munthu akakamizidwa kusunga moyo ndi njira wamba, osati ndi njira zolemetsa koposa, ndi kuti zimenezi ziyesedwa molingana ndi munthu, malo ndi nthawi. Cosatheka sicikhala lamulo kwa munthu ali yense.

Komabe mau awa asakhale pobisalira aulesi. Asananene kuti sikutheka, dokotala ayenera kuyesa zonse. Ku New York adaterodi: adafupikitsa maola a wodwala ali yense kuti makina amodzi atumikire angapo, ndipo ena adawatsuka mwazi pothira madzi m'mimba mwao, njira yosalira makina akuluwo. Ndipo cigamulo cotere cisasiyidwe kwa munthu mmodzi wotopa pakati pa usiku, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Cacitatu, wodwala wosalandira makina sanaleke kukhala munthu. Ayenerabe kusamalidwa, kucepetsedwa ululu, kuuzidwa zoona iye ndi abale ace, ndi kulandira masakramenti ngati ali Mkristu wowafuna. Kummana makina kungakhale kopanda mlandu; kumtaya kuli ndi mlandu nthawi zonse.

Potsiriza, cikumbumtima cifunsanso ena. Amene anali ndi mphamvu yokonzeratu zipatala masiku a mtendere, nanyalanyaza, asenza gawo la katundu amene adagwera dokotala usiku uja.