MSILIKALI WODZIWA MBUYE WACE

Werengani: Aefeso 6:10-18, 1 Yohane 5:11-13.

Polowa m'caka cina ambiri a ife tayamba kale kuwerengera za m'tsogolo: mbeu za kumunda, ndalama za ana kusukulu, denga lofuna udzu watsopano. Nkwabwino kutero. Koma Mtumwi Paulo atikumbutsa kuti m'masiku onse a caka cino muli nkhondo yosalembedwa pa kalendala, ndiyo nkhondo ya mzimu. Ndipo funso loyamba kwa munthu wopita kunkhondo ndi ili: Kodi udziwa kuti uli wa yani? Pakuti msilikali wokayika za mfumu yace amathawa pakumva mfuu yoyamba, natsata ali yense womlonjeza pobisala.

1. Mdani ndi macenjerero ace

Kalata uyu analembedwa kwa Akristu a ku Efeso, mudzi waukulu wodzala ndi matsenga. Pa Macitidwe 19 tiwerenga za ana aamuna 7 a Skeva, amene anayesa kuchula dzina la Yesu monga mankhwala ocotsera mizimu yoipa, eni acewo osamdziwa Yesuyo. Munthu wogwidwa ndi mzimu anawamenya onsewo, nathawa iwo ndi mabala ndi manyazi. Pambuyo pace ambiri anasonkhanitsa mabuku ao a matsenga nawatentha poyera, ndipo mtengo wace unafika ndalama za siliva 50,000. Tsono Paulo analembera anthu odziwa mantha a usiku monga tiwadziwa ife.

Iye sanawauza kuti mizimu yoipa kulibe. Anawauza kuti mdani wao sali munthu mnzao, koma maufumu a mdima osaoneka ndi maso (ndime 12). Cifukwa cace Mkristu woloza cala gogo wa m'mudzi, kapena mbale wace amene munda wace wabala bwino, waphonya kale mdani weniweni, ndipo wamgwirira nchito.

Mdierekezi ali nazo zida ziwiri zazikulu. Coyamba ndico kuneneza. Pa Zekariya 3 aima pafupi ndi Yoswa, mkulu wa ansembe wobvala zauve, kuti amtsutse pamaso pa Mulungu. Caciwiri ndico kunama, monga Ambuye ananena za iye pa Yohane 8:44. Zida izi zimathandizana. Ayamba ndi kunong'oneza mumtima kuti, Iwe suli mwana wa Mulungu, taona macimo ako. Mtima ukagwidwa ndi mantha, atumiza mphunzitsi wonyenga wakuti, Idza kuno, ine ndiri naco cimene cikusowa iwe.

2. Cisoti ca msilikali

Pakati pa zida zimene Paulo azichula pali cisoti, ndipo acifanizira ndi cipulumutso. Cisoti cichinjiriza mutu, m'mene mukhala maganizo. Msilikali acibvala asanalowe m'nkhondo. Momwemonso Mkristu samenya nkhondo kuti akapate cipulumutso pa mapeto pace. Amenya cifukwa anacilandira kale kwa Mbuye wace, amene anagonjetsa maufumu a mdima pamtanda (Akolose 2:15).

Ena amati nkudzikuza kunena kuti, Ndine wopulumutsidwa. Koma Yohane alongosola kuti analemba kalata wace kuti okhulupira adziwe kuti moyo wosatha ali nao tsopano lino. Kudziwa kumeneku kuima pa mafuwa atatu, monga mphika pamoto.

Pfuwa loyamba ndilo nchito imene Kristu anaitsiriza. Mangawa a macimo athu analipidwa ndi mwazi wace kamodzi kokha, ndipo palibe kanthu katsala kakuti ife tiwonjezepo (Ahebri 10:12-14). Laciwiri ndilo lonjezo la Mulungu wosanama: Mbusa Wabwino anati palibe adzalanda nkhosa zace m'dzanja lace (Yohane 10:28-29). Lacitatu ndilo umboni wa Mzimu Woyera m'kati mwathu (Aroma 8:16), umene uonekera m'zipatso: kudana ndi chimo, kukonda abale, kumva njala ya Mau a Mulungu. Zipatsozo zingakhale zazing'ono, koma mtengo wakufa subala ngakhale cimodzi.

Tapenyani kuti pakati pa mafuwa awa palibe kamvedwe ka mtima wathu. Lero tikondwa, mawa tagona ndi malungo ndipo pemphero likanika kuturuka. Mtima usintha monga mitambo ya mwezi wa November, koma mtanda uli pomwepo. Nacenso Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa m'caka ca 1563, ayamba ndi citonthozo comweci, kuti wokhulupira ali wa Yesu Kristu pokhala ndi moyo ndi pakufa pomwe.

Nanga chimo likatitsutsa m'cikumbu mtima, tidzadziwa bwanji ngati ndi mau a Mzimu kapena a woneneza uja? Mzimu Woyera achula chimo ndi dzina lace, natitsogolera kukalapa ndi kukabweza cimene tinalanda. Woneneza aunjika macimo onse pamodzi, akale ndi okhululukidwa omwe, natiuza kuti kupemphera kulibenso phindu. Petro analira nabwerera kwa Ambuye. Yudase anamva cisoni napita yekha kumdima.

3. Kuyesa ciphunzitso

Dziko lathu lino lidalawa kale kuwawa kwa aphunzitsi onyenga. M'caka ca 1925 Tomo Nyirenda, wocokera ku Nyasaland, anayenda pakati pa Alala m'dera la Mkushi, nachedwa Mwana Lesa. Anabatiza anthu m'mitsinje, nanena kuti ubatizo wace uulula mfiti. Amene anawachula mfiti anaphedwa, kuno ndi ku Congo komwe, kufikira iye anapacikidwa ndi Boma ku Broken Hill, ndiko ku Kabwe, m'caka ca 1926. Ubatizo, cizindikilo ca moyo, anausandutsa cida ca imfa, ndipo midzi inamlandira ndi manja awiri cifukwa ca mantha.

Zitapita zaka zowerengeka, mu 1933 ndi 1934, anafika a Mcape. Anandandalika anthu a mudzi wonse, nawapenya m'kalilole, nawalamula kutaya nyanga ndi zithumwa zao, nawamwetsa mankhwala ofiira, ndi kulonjeza kuti ufiti watha. Akristu enanso anamwako. Koma maliro sanaleke, ndi mantha anabwerera monga kale.

Masiku ano malonda omwewo abvala jekete ndi kunyamula Buku Lopatulika. Kuli ogulitsa madzi ndi mafuta amene ati ngodzozedwa. Kuli ouza wodwala kuti apereke ndalama kuti cozizwa cace cifulumire. Kuli ena omuuza kuti ataye mankhwala a kucipatala, kapena kuti amai ace omubala ndiwo anamlodza. Makolo athu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Yohane atilamula kuyesa mizimu (1 Yohane 4:1), ndipo mafunso anai awa adzatithandiza.

Loyamba: Kodi ciphunzitso ici ciyesa Kristu wokwanira, kapena ciwonjezapo kanthu? Ku Galatiya anawonjezapo mdulidwe, ndipo Paulo anauchula uthenga wina. Kwa ife cowonjezaco cingakhale botolo, nsaru, kapena dzanja la munthu mmodzi yekha.

Laciwiri: Kodi cigwirizana ndi Malembo onse? M'cipululu Satana anachula mau a Salmo 91 kwa Ambuye Yesu (Mateyu 4:6). Ndime imodzi yozulidwa pamalo pace ikhoza kunyenga. Anthu a ku Bereya anayesa ngakhale ulaliki wa Paulo ndi Malembo masiku onse, ndipo anatamandidwa pa ici (Macitidwe 17:11). Buku Lopatulika tiri nalo m'cinenero cathu. Werengani mutu wonse, musalekeze pa ndime imene mlaliki waichula.

Lacitatu: Kodi mphatso ya Mulungu yaikidwa pamtengo? Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphamvu ya Mzimu ndi ndalama, ndipo Petro anamdzudzula kowopsa (Macitidwe 8:18-23). Copereka ca ciyamiko ncabwino, koma cisomo cogulidwa caleka kukhala cisomo.

Lacinai: Zipatso zace nzotani? Musafunse kokha ngati pacitika zozizwa, pakuti Deuteronomo 13 aticenjeza kuti cizindikilo cikhoza kucitikadi ndipo mneneriyo nkukhalabe wosoceretsa. Penyani m'nyumba za omtsata. Kodi muli mtendere, kulapa ndi kukhululukirana, kapena mantha acuruka, mabanja apasuka, ndi okalamba apitikitsidwa?

4. Kuima m'caka cino

Paulo abwereza kangapo liu lakuti kuima. Sitituma msilikali kukafunafuna ziwanda m'mitengo ndi m'maloto. Nchito yace ndiyo kukhala pamalo pamene Mbuye wace anamuika, atabvala coonadi ndi cilungamo, atagwira cikhulupiriro monga cikopa, ndi Mau a Mulungu monga lupanga, napemphera kosaleka. Nkhondo yambiri imenyedwa m'zinthu za masiku onse: pa sikelo ya kumsika, pa lilime la miseche, pa cikho ca kacasu, pa usiku umene mwana atentha thupi ndipo acibale ati tiyeni tikaombeze. Usiku umenewo pempherani, itanani akulu a mpingo, ndipo fulumirani naye mwanayo kucipatala.

Musayende nokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Nkhosa yopatuka pa gulu ndiyo fisi aigwira. Musaleke mapemphero a pa Sabata ndi a pakati pa sabata. Idzani ku Mgonero wa Ambuye, kumene mkate ndi cikho zitsimikizira maso ndi pakamwa panu cimene makutu anu anamva. Inu makolo, phunzitsani ana anu Mau akali ang'ono, kuti wonyenga akadza adzapeze nyumba yokhalamo kale mwini wace.

Ndipo inu amene simunadze kwa Kristu, zida izi simungazibvale, monga ana a Skeva sanakhoza kubwereka dzina lace. Idzani kwa Iye lero ndi macimo anu onse, sadzakubwezani. Pamenepo mudzalowa m'caka cino odziwa Mbuye wanu, ndipo wogulitsa mantha akafika pakhomo panu mudzamuuza kuti m'nyumba muno mulibe cosowa.

Mulungu wa mtendere akusungeni inu ndi a m'nyumba zanu m'miyezi yonse ya caka cino, mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.