Mulungu anandionetsa zimene zinali m'mutu mwa mdzukulu wanga

Ndine mayi wa kuno ku Nambuma. Ndinapuma ntchito ya uphunzitsi wa pulayimale, ndipo masiku ano ndimalima chimanga ndi mtedza. Ndabwera kudzachitira umboni zinthu ziwiri zimene Mulungu anandichitira pa nthawi imodzi. Anandibwezera mdzukulu, ndiponso anandiyankha funso limene linkandidya mumtima kuyambira ndili mayi wachitsikana.

Mwana wanga wachisamba anamwalira m'zaka za m'ma 1980, m'dzinja, chimanga chikumasula. Anayamba ndi kutentha thupi. Kutacha anayamba kukomoka, maso atatembenuka, manja atauma gwa. Tinamukweza pangolo, koma tisanafike kuchipatala mpweya unangoleka. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti mwanayo amumenya hamala usiku, ndipo chala chinaloza azakhali a amuna anga, nkhalamba yopanda woiikira kumbuyo. Mayi amene uja anatsikira kuli chete anthu akumusala. Ine pakamwa ndinkati zonse ndi za Mulungu, koma mumtima ndinkafunsabe kuti, kodi chinapha mwana wanga n'chiyani?

Patapita zaka zambiri, mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa ku Ndirande anandiimbira foni akulira. "Amayi, bwerani, mwana sakudzuka." Ndinakwera basi ya ku Blantyre kolona ili m'manja, ndipo amayi anzanga a mumphakati anatsala akupemphera. Ndinawapeza ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, m'wodi ya ana mmene amachitiramo kafukufuku wa malungo. Nditamuona mdzukulu wanga, maondo anagwedera. Anagona mmene anagonera mwana wanga pangolo paja.

Anamwino anandikhazika pansi. "Agogo, awa ndi malungo a mu ubongo, ndipo mankhwala tayamba kale kumubaya." Ndinkaona akumutsina pachala n'kumalemba nambala. Anandiuza kuti ndi muyeso wa kukomoka kwa ana wotchedwa Blantyre Coma Score, umene Dr Malcolm Molyneux ndi Dr Terrie Taylor anaukonza pachipatala pomwepo m'zaka za m'ma 1980, ndipo tsopano akuugwiritsa ntchito m'maiko ambiri. Umayambira pa 0 n'kulekezera pa 5. Mwana akapeza 2 kapena kucheperapo, ndiye kuti wakomoka kwambiri. Adokotala anamuunikanso m'maso ndi kagalasi, poti malungo amenewa amasiya timadontho ta magazi ndi timawanga toyera kuseri kwa diso.

Kenaka anapempha chilolezo kwa makolo ake kuti amujambule m'mutu ndi makina a MRI. Ine ndinachita mantha, ndinkayesa amuwotcha ndi magetsi. Anandifotokozera kuti makinawo sagwiritsa ntchito ekisire. Ali ndi maginito aakulu ndi mafunde onga a wailesi, ndipo amatsata madzi a m'thupi n'kuonetsa ubongo pakompyuta popanda kucheka paliponse. N'chifukwa chake aliyense wolowa m'chipindacho amayamba wasiya makiyi, ndalama zachitsulo ndi mapini.

Atatha, adokotala anationetsa chithunzi. Anati ubongo wa mwana wabwinobwino umakhala ndi mpata, umazunguliridwa ndi madzi, ndipo makwinya ake amaoneka bwino. Wa mdzukulu wanga unali utatupa, mipata ija itachepa. Tizilombo ta malungo tikalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo amamatirira m'timitsempha ta mu ubongo, ndipo ubongo umafufuma. Koma chigaza sichitambasuka. Zili ngati nyemba zonyikidwa m'chitini chotseka, zimene zimafufuma koma kopita kulibe. Kutupako kukapitirira, ubongo umakankhikira pansi n'kupanikiza tsinde lake, pamene pamalamulira kupuma. Apo mwana amangoleka kupuma.

Abale anga, atanena mawu amenewo ndinagwetsa misozi, koma sinali ya mantha okha. Kutentha thupi, kukomoka, kuuma manja, kuleka kupuma mwadzidzidzi, zonsezo ndinali nditaziona kale. Panalibe hamala. Panali udzudzu. Usiku umenewo ndinapempherera mzimu wa azakhali aja powatchula dzina, ndipo katundu amene ndinamusenza zaka zonsezo anatsika.

Monga mphunzitsi, sindinaleke kufunsa, ndipo ndinamva mmene nzeru imeneyi inapezekera. Dr Taylor, wa ku Michigan State University ku America, anayamba kusamalira ana a malungo ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980, nthawi yomwe ine ndinkalira kuno. Iye ndi anzake anayamba apima matupi a ana omwalira, makolo atavomera. Anapeza kuti mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Komabe chimene chinkaimitsa mpweya sichinaoneke bwino, pankafunika kuona mutu wa mwana wamoyo. Mu 2008 ku Gulupu kunafika makina a MRI oyamba m'Malawi muno, opangidwa ndi kampani ya General Electric, ndipo mmodzi mwa owerenga zithunzizo anali Mmalawi mnzathu, Dr Sam Kampondeni. Mu 2015 Dr Karl Seydel ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa ana 168. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo unali utatupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anachira, otupa chotero anali 39, ndipo kutupako kunkaphwa pakapita masiku.

Mfundo yomalizayi ndi imene inandipatsa chiyembekezo. Ngati mwana apitiriza kupuma mpaka kutupa kutaphwa, akhoza kudzuka. Choncho pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, musungireni mpweya. Anamwino ankamuyang'anira usana ndi usiku, kumuyeza shuga, kumuletsa kukomoka, kumudyetsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. M'mawa wina anatsegula maso, n'kuyamba kutsata mayi ake ndi maso, kenaka analira kuti akufuna phala. Anatichenjeza kuti ana ena amatsala ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira, choncho tinkapita naye kusikelo monga anatiuzira. Lero ali pasukulu, ndipo patchuthi amabwera kuno kudzatithandiza kukumba mtedza.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha madokotala ndi anamwino. Koma ndikuthokozanso chifukwa cha makolo amene sindidzawadziwa, amene ali pakati pa chisoni analola kuti mwana wawo apimidwe. Dalitso langa linadzera m'misozi yawo. Ndikuthokozanso kuti pa 23 Epulo 2019 dziko lathu linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, ndipo mwambowo unachitikira ku Mitundu, m'boma la Lilongwe.

Amayi anzanga, makina amene aja ali kutali, koma chimene anaonetsa n'chothandiza ngakhale kuno kumudzi. Mwana akatentha thupi, kamuyezetseni magazi tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa mankhwala a LA amalize onse. Akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kulephera kuyamwa, musadikire kuti kuche, musayambe mwapita kukaombeza. Pempherani muli panjira ya kuchipatala. Ana azigona m'neti, ndipo katemera alandire yense. Maliro akagwa, tisathamangire kuloza chala nkhalamba zathu. Mulungu amene anaumba ubongo wa mwana ndi yemweyo amene anapatsa anthu nzeru zouonera. Ulemerero ukhale kwa Iye. Amen.