Madzi a Lero

Mumzinda wa Washington, D.C., m'kati mwa munda waukulu wa mitengo wa U.S. National Arboretum, muli malo oonetserako mitengo ya bonsai otchedwa National Bonsai & Penjing Museum. Bonsai ndi mtengo weniweni, woti ukanamera kuthengo bwenzi uli chimtengo, koma umaleredwa mumphika wosaya ndipo umakhala waung'ono moyo wake wonse. Malowa anayamba mu 1976, pamene bungwe la Nippon Bonsai Association la ku Japan linapereka mitengo 53 kwa anthu a ku America pokondwerera zaka 200 za ufulu wa dzikolo.

Mlendo akamazungulira amaona kachikwangwani pafupi ndi mtengo uliwonse, konena mtundu wake, amene anaupereka, ndi chaka chimene anthu anayamba kuulera. Pamtengo wina wa paini, wa thunthu lojintcha ndi nthambi zoyanga mbali zonse, chaka cholembedwapo ndi 1625. Anaupereka ndi a Masaru Yamaki, katswiri wa bonsai wa ku Hiroshima.

Mtengowu unakhala pamenepo zaka 25 ousamalira osadziwa zimene unapitamo. Mu 2001 zidzukulu ziwiri za a Yamaki zinabwera kudzauona, ndipo m'pamene nkhani inatuluka. Pa 6 August 1945, bomba la atomiki litaphulika ku Hiroshima, mtengowu unali pakhomo pa banjali, mtunda wa makilomita atatu okha kuchokera pamene linaphulikira. Magalasi a m'mawindo anasweka n'kucheka anthu m'nyumbamo, koma onse anapulumuka, ndipo khoma lalitali la mpanda linatchinga mitengo. A Yamaki anapereka mtengowo ku dziko lomwe linaponya bombalo, osatchula n'komwe za tsikulo.

Alendo ambiri amaima nthawi yaitali pa nkhani ya bombayi, ndipo m'pomveka. Ine chimene chimandigwira mtima ndi china. Khoma lija linagwira ntchito yake m'mawa umodzi wokha. Nanga masiku ena onsewo? Mtengo wa mumphika sungatambasule mizu kukasaka chinyezi pansi. Dothi lake n'lochepa, ndipo kukatentha limauma tsiku lomwelo. Kungouiwala kwa masiku angapo m'chilimwe, basi wapita. Ndiye kuti kwa zaka 400 panali munthu wogwira dothi ndi chala, n'kupita kukatunga madzi. Ngakhale m'masiku amene Hiroshima inali phulusa, wina m'banjamo anayenera kukumbukira kuti mtengo sunamwe.

Ntchito zinazo nazo n'zosaoneka. Pakapita zaka zingapo amauzula mumphika, kusasa dothi lakale, kudula mizu yopiringizana, n'kuubwezeramo ndi dothi latsopano. Nthambi imene akufuna kuti iwerame amaikulunga waya, n'kumaiyendera kuti achotse wayayo asanadye khungwa. Wogwira ntchito yotereyi akaweruka madzulo, mtengo umaoneka chimodzimodzi ngati m'mawa. Amene anayamba kuulera mu 1625 anamwalira usanafike n'komwe pa maonekedwe amene anthu akujambula lerowa, ndipo ambiri mwa amene anauthirira pambuyo pake mayina awo sali pachikwangwani.

Mwina inunso mwadzuka lero kuti muchite zomwe munachita dzulo ndi dzana. Kusambitsa agogo amene sakuthanso kudzuka okha, kumwa mankhwala pa nthawi yake, kubwereza phunziro lomwe lija kwa mwana amene akuoneka ngati sakumva, kutsegula kaokala koti phindu lake silioneka. Palibe wokuomberani m'manja, ndipo mumtima mumadzifunsa kuti kodi zikupita kuti zimenezi. Musapeputse ntchito imeneyo chifukwa choti ilibe nkhani yokoma kukamba. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo zimene mukuzisunga zamoyo zikudalira kubwerezabwereza komweko kumene kwakutopetsani. Simukufunika kukhala ndi mphamvu za chaka chonse m'mawa uno. Za lero zokha n'zokwanira.

Komanso musaganize kuti zonse zili pamutu panu nokha. Mtengo wa a Yamaki wadutsa m'manja mwa mibadwo ingapo ya banja limodzi, kenako n'kuwoloka nyanja kupita kwa anthu achilendo. Ku Washington komweko, olembedwa ntchito amathandizidwa ndi anthu ongodzipereka, amene amabwera kudzadulira nthambi ndi kusamalira mitengoyo. Ngati lero thupi lakana, itanani m'bale kapena mnansi, muuzeni nthawi ya mankhwala ndi pamene pali ndowa, inu mukagone pang'ono.