Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

M'dzinja mvula ikangokata, nkhono zimatuluka m'mbali mwa madimba. Mwana wopupuluma akaitola, nkhono imabweza tinyanga take n'kulowa m'chigoba, iye n'kuthamanga kukauza anzake kuti ilibe maso. Koma wokhala pansi phee, osaigwedeza, amaona tinyanga tinayi tikutuluka pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa tiwiri tatitali kuli timadontho takuda. Maso ake ndi amenewo. Makolo anatola mwambiwu pamenepa.

Ambiri amaumasulira kuti chinthu chabwino chimafuna kuleza mtima. N'zoona, koma mwambiwu ukunenanso za kuona kwenikweniko. Diso limangolandira kuwala. Ntchito yolumikiza mizere, mitundu ndi mithunzi kuti ikhale chinthu chodziwika ndi ya ubongo, ndipo ubongo sudikira. Pamene pasoweka, umadzazapo ndi zomwe unaonapo kale. N'chifukwa chake kukachita chisisira, chingwe chogona panjira chimasanduka njoka, chitsa n'kukhala munthu wokubisalira.

Mu 1915, katswiri wa za maganizo wa ku Denmark, Edgar Rubin, anafalitsa chithunzi chomwe chimaphunzitsidwabe lero. Ukachiyang'ana koyamba umaona chikho pakati. Ukadekha, mbali ziwiri za chikhocho zimasanduka nkhope za anthu awiri oyang'anizana. Inki papepala sinasunthe. Ubongo ndiwo wasankha choika patsogolo ndi chokankhira kumbuyo, ndipo sulola kuona ziwirizo nthawi imodzi.

Kwathu kuno, m'mapanga a Chongoni ku Dedza, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zojambula zoyera za makolo a Achewa zimakulandira msanga. Zofiira za Akafula, zakale kuposa zoyerazo, zina zinazimirira mpaka kufanana ndi mwala. Mlendo wachangu amangoona thanthwe. Woima kanthawi amayamba kuona mizere ndi timizunguliro tikutuluka, monga tinyanga ta nkhono tija.

Masiku ano zithunzi zimatifikira pafoni zambirimbiri, zina zodulidwa, zina zojambulidwa mbali imodzi. Timaweruza munthu chala chisanachoke pagalasi. Mawu akuti "ndaona ndi maso angawa" apasula mabanja ndi maubale, chikhalirecho mwiniwake anangoona chigoba. Choyamba kuoneka chimakhala chimene ubongo wafulumira kupanga. Yang'ananso kachiwiri, ufunse chomwe chili kumbuyo, udikire nkhono itulutse maso.